Chifukwa Chake Apapa Adamanga Roma Motsatira Manda a Oyera

Wansembe akafika kutsogolo poyamba Misa, asanatsegule pakamwa, amawerama n'kupsompsona guwa. Ambirife timaona zimenezi Lamulungu lililonse koma sitifunsa. Guwa limaimira Khristu mwini wake, ndipo chimenechi ndicho chifukwa chachikulu. Koma m'maguwa ambiri, makamaka akale, mulinso kamwala kathyathyathya kokhala ndi timitanda tisanu, ndipo m'kati mwake adamatiramo kachidutswa ka fupa la munthu woyera. Amishoni akale ankayenda ndi timiyala totere m'katundu wawo, chifukwa lamulo la Mpingo nthawi imeneyo silinkalola kupereka nsembe ya Misa popanda kamwalako.

Mwambowu ndi wakale kwambiri. Akhristu oyamba ankasonkhana pa manda a anzawo amene adaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo buku la Chivumbulutso 6:9 limanena za mizimu ya ophedwawo ili pansi pa guwa. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa chaka cha 787 udalamula kuti tchalitchi chisadalitsidwe popanda zotsala za oyera. Komabe nthawi imene mwambowu udasanduka ntchito yaikulu ya zomangamanga, yokhala ndi misewu yake, amisiri ake ndi misonkho yake, inali kuyambira cha m'ma 1560 mpaka cha m'ma 1620, mumzinda wa Roma. Amene amayang'ana matchalitchi a nthawi imeneyo n'kumangoona kukongola kapena kuwononga chuma amaphonya chimene eni ake ankafuna kunena. Matchalitchiwo anali yankho pa mlandu, ndipo mboni zake zinali mafupa.

Mlanduwo udayamba chonchi. Pa 18 Epulo 1506, Papa Julius II adayala mwala woyamba wa tchalitchi chatsopano cha Petro Woyera. Chakale chinali chitakhala zaka pafupifupi 1,200. Adachimanga ndi Mfumu Constantine m'zaka za m'ma 320, pamalo ovuta kumangapo, m'mbali mwa kaphiri ka Vatican pomwe panali manda a anthu wamba. Adachita kugumula mbali ina ya phirilo, n'kukwirira mandawo ndi dothi kuti pakhale posalala, zonsezi pofuna kuti guwa likhale ndendende pamwamba pa malo amene Akhristu a ku Roma ankati mpamene padaikidwa Petro. Ife amene timadziwa kumanga chiliza sitingavutike kumvetsa zimenezi. Chiliza sumanga pamalo pokusangalatsa, umamanga pamene pagona munthuyo.

Ntchito ya Julius II inkafuna ndalama zochuluka, ndipo zina mwa ndalamazo zidafunidwa polalikira indulijensi, kutanthauza kuchotseredwa chilango cha machimo amene akhululukidwa kale. Ku Germany, mlaliki wina dzina lake Johann Tetzel ankalalikira nkhaniyi mooneka ngati malonda a pamsika, ndipo mu 1517 Martin Luther adatulutsa mfundo zake 95 zotsutsa. Mumzinda wa Wittenberg momwe Luther ankakhala, mfumu yomuteteza, Frederick, inali ndi zotsala za oyera zoposa 19,000 pofika 1520. Luther mwini adafikako ku Roma ali mmonke, cha m'ma 1510, nakwera chogwada masitepe oyera a ku Lateran akupempherera agogo ake. Patapita zaka zambiri adasimba mu ulaliki kuti atafika pamwamba mtima wake udafunsa kuti, ndani akudziwa ngati zimenezi n'zoona? Mu 1543 John Calvin adalemba kabuku konyoza, nati zidutswa zonse zimene anthu ankati ndi za mtanda wa Yesu zitasonkhanitsidwa zikhoza kudzaza sitima yapamadzi. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1527, asilikali a Mfumu Charles V adalowa mu Roma, nafunkha matchalitchi, naswa mabokosi a siliva ndi golide osungiramo mafupa a oyera.

Funso la Luther lija linali lolemera kuposa kukayikira fupa limodzi kapena sitepe imodzi. Aprotestanti ankati Mpingo wa Roma udasochera kalekale ndipo suli Mpingo wa Atumwi. Choncho nkhani ya mafupa inali nkhani ya mtundu: kodi ndinudi ana a Petro ndi Paulo?

Msonkhano wa maepiskopi achikatolika wa ku Trent udayankha pa chigawo chake chomaliza, mu Disembala 1563. Udati matupi a oyera ayenera kulemekezedwa chifukwa anali ziwalo zamoyo za Khristu ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo adzauka. Ulemu umenewu si kupembedza, pakuti wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Koma chigamulo chomwecho chidavomerezanso, ngakhale mosatchula mayina, kuti zinthu zidali zitafika poipa. Chidalamula kuti zamatsenga zichotsedwe, phindu lonyansa lithetsedwe, ndipo pasapezeke wolengeza chozizwitsa chatsopano kapena zotsala zatsopano episkopi asanafufuze n'kuvomereza. Kwa ine mbali yachiwiriyi ndi yofunika ngati yoyamba ija, ndipo nthawi zambiri imaiwalika. Mpingo sudangoteteza mwambo wake, udaumangiranso mpanda.

Chigamulo cholembedwa papepala chimawerengedwa ndi ochepa. Mlimi wochokera ku Bavaria kapena mayi wa ku Naples sakadawerenga Chilatini. Chimene akadamva ndi mapazi ake ndi maondo ake. Apa mpamene padalowera zomangamanga.

Papa Gregory XIII adakonzekera chaka choyera cha Jubile cha 1575 ngati mwini mudzi woyembekeza alendo ambiri. Alendowo adabweradi, zikwizikwi. Wansembe wina wokondedwa kwambiri mumzindamo, Philip Neri, anali atatsitsimutsa kale mwambo woyenda wapansi kuzungulira matchalitchi asanu ndi awiri, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, kuyambira kwa Petro Woyera, kudzera kwa Paulo Woyera kunja kwa linga, kwa Sebastiano Woyera, ku Lateran, ku Santa Croce, kwa Lorenzo Woyera, mpaka ku Santa Maria Maggiore. Pamalo aliwonse panali manda kapena chinthu chopatulika. Mu 1580 papa yemweyo adasamutsa mafupa a Gregory wa ku Nazianzus, mphunzitsi wamkulu wa Akhristu a kum'mawa, kuchokera ku nyumba ya masisitere ya ku Campo Marzio kupita nawo m'kachisi watsopano m'tchalitchi cha Petro Woyera, pa mdipiti waukulu wodutsa pakati pa mzinda.

Zaka ziwiri mafupawa asanasamutsidwe, padachitika chinthu chimene palibe adachikonza. Pa 31 Meyi 1578, anthu okumba mchenga womangira m'munda wa mpesa m'mbali mwa msewu wa Via Salaria adangoona nthaka ikuboka. Pansi pake panali tinjira tamdima, makoma ake ali ndi timapanga togonekamo maliro tosanjikizana, ndi zithunzi zojambulidwa ndi Akhristu a zaka mazana oyambirira. Manda apansi otere, makatakombu, ankadziwika pang'ono, koma ambiri anali ataiwalika. Mzinda wonse udathamangirako. Kwa Akatolika a nthawi imeneyo zinali ngati makolo adzuka kudzachitira umboni pa bwalo la milandu. Mnyamata wina, Antonio Bosio, adayamba kulowa m'mandamu mu 1593, ndipo pa ulendo wake woyamba adasochera m'katakombu ya Domitilla mpaka kuopa kuti afera momwemo. Sadaleke. Adathera moyo wake wonse akukwawa ndi kandulo m'manja, kuyeza ndi kulemba zimene ankaona, ndipo buku lake lalikulu lonena za Roma wapansi pa nthaka lidatuluka iye atamwalira kale, pakuti adamwalira mu 1629.

Koma munthu amene adagwira mzinda wonse n'kuukonza ngati munda wake ndi Sixtus V. Dzina lake lobadwa nalo linali Felice Peretti, mwana wa banja losauka, Mfransisko wouma mtima ndi wachangu. Adakhala pampando zaka zisanu zokha, kuyambira 1585 mpaka 1590, ndipo ankagwira ntchito ngati munthu wodziwa kuti dzuwa lapendeka. Roma wa masiku amenewo anali wochepa poyerekeza ndi linga lake lakale. Anthu adaunjikana kufupi ndi mtsinje wa Tiber, pomwe matchalitchi akuluakulu angapo anali kutali, pakati pa minda ya mpesa ndi mabwinja. Sixtus ndi mmisiri wake Domenico Fontana adalambula misewu yowongoka ngati chingwe yolumikiza malo opatulikawo, nabweretsa madzi kumapiri a mzindawo kudzera mu ngalande ya Acqua Felice, kuti kumene kunali thengo kukhalenso anthu.

Pamathero a misewuyo adaimika zipilala zazitali zosongoka zimene mafumu akale a Roma adatenga ku Egypt, kuti mlendo akakweza maso aone kumene akupita. Choyamba chinali cha ku Vatican, ndipo nkhani yake njoyenera kuifotokoza bwino. Chipilalachi ndi mwala umodzi wosalumikiza, wotalika mamita 25, wolemera matani oposa 300. Adachibweretsa ndi Mfumu Caligula, ndipo chinkaima m'bwalo la masewero momwe, malinga ndi mwambo wa Mpingo, Petro adaphedwera m'nthawi ya Nero. Chinali chitaima pamalo omwewo zaka zoposa 1,500, pambali pa pamene padamangidwa tchalitchi, tsinde lake litakwiririka m'dothi. Fontana adachimangira nsanja yamitengo ikuluikulu, nachikuta ndi mphasa, matabwa ndi zitsulo, nachizula, nachigoneka, nachikoka pa mitengo yogubuduka mpaka pakati pa bwalo. Pa 10 Sepitembala 1586 amuna pafupifupi 900, akavalo ambirimbiri ndi makina 40 okulungira zingwe adachidzutsa pang'onopang'ono. Lipenga likalira onse ankakoka, belu likalira onse ankaima. Chingwe chimodzi chikadakokedwa mopitirira zinzake, mwalawo ukadathyoka. Chitaima, adachipempherera pochotsa mizimu yoipa, naikapo mtanda m'malo mwa mpira wamkuwa umene anthu ankati muli phulusa la Julius Caesar. Mwala umene udaona imfa ya Petro tsopano unkalozera ku manda ake. Zina zitatu zidatsatira chaka ndi chaka: ku Santa Maria Maggiore mu 1587, ku Lateran mu 1588, ku Piazza del Popolo mu 1589. Pamwamba pa chipilala cha Trajan adaikapo chiboliboli cha Petro, pa cha Marcus Aurelius cha Paulo.

Ku Santa Maria Maggiore kunkasungidwa timatabwa timene mwambo umati ndi ta chodyera cha ziweto cha ku Betelehemu, ndipo kunali kachipinda kakale kopemphereramo kokumbukira kubadwa kwa Ambuye. Sixtus adamanga kachisi wamkulu wa miyala yamawangamawanga, ndipo sadafune kuti kachipindako kagumulidwe. Fontana adakamanga m'mitengo ndi zitsulo, nakanyamula kathunthu, nakatsitsira pansi pa guwa latsopano, ngakhale zina mwa zokongoletsa zake zidawonongeka pa ntchitoyo. Taonani maganizo ake: sikuti fupa kapena thabwa lokha ndilo lopatulika, ngakhale makoma amene adalisunga zaka mazana ambiri nawo asanduka chotsala choyenera ulemu. M'kachisi yemweyo adaikamo thupi la Papa Pius V mu 1588, nakonzeratu manda akeake moyang'anizana nalo.

Masitepe aja adakwera Luther nawonso adasamutsidwa. Alipo 28, a mwala woyera wa mabo, ndipo mwambo umati ndi a m'nyumba ya Pilato, amene Yesu adakwera tsiku lozengedwa mlandu, ndi kuti adawabweretsa ku Roma ndi Helena, mayi wa Constantine. Dzina lakuti masitepe a Pilato limayamba kupezeka m'zolembedwa patapita zaka mazana ambiri Helena atamwalira, n'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale amaliona mosamala. Mu 1589 Sixtus adawachotsa m'nyumba yakale ya apapa ya ku Lateran, nawaika m'nyumba yatsopano kuti azikafika pa khomo la kachisi wa Sancta Sanctorum, momwe mudalembedwa kuti palibe malo opatulika kuposa amenewa pa dziko lonse. Amati amisiri adayala masitepewo kuyambira pamwamba kutsika pansi, kuti pasapezeke wowapondapo ndi phazi.

Ndiye denga la Petro Woyera. Michelangelo adamwalira mu 1564 atamanga khoma lozungulira lolandira dengalo, ndipo kwa zaka zoposa 20 pamwamba pa manda a Mtumwi panali pululu. Ambiri ankati ntchito yotsalayo idzatenga zaka khumi. Giacomo della Porta ndi Fontana, ndi amisiri mazanamazana osinthana usana ndi usiku, adaitsiriza m'miyezi 22, mu 1590, miyezi yochepa Sixtus asanamwalire. Papa Clement VIII adamalizitsa kansanja kapamwamba ndi mtanda wake, ndipo mu 1594 adadalitsa guwa latsopano. Guwali lili pamwamba pa guwa la Callixtus II la 1123, limene lili pamwamba pa la Gregory Wamkulu, limene lili pamwamba pa chikumbutso cha Constantine. Chilichonse chidasintha m'tchalitchimo, koma malo amodzi amenewa sadasunthe.

Sixtus sadaiwale mbali ina ija ya Trent. Mu 1588 adakhazikitsa nthambi ya makadinala yoyang'anira miyambo ya chipembedzo ndi milandu yolengeza oyera, kuti zinthu zizidzera m'mafunso, mboni ndi zikalata. Chaka chomwecho adalengeza Diego wa ku Alcalá kukhala woyera, woyamba kulengezedwa kuchokera mu 1523. Zaka 65 zinali zitadutsa popanda papa wolimba mtima kuchita zimenezi.

Makadinala adatengera chitsanzo. Cesare Baronio, wolemba mbiri ya Mpingo, adakonza tchalitchi chake chaching'ono cha Nereus ndi Achilleus mosunga maonekedwe akale, nabwezeramo mafupa a oyerawo mu 1597. Mu Okutobala 1599, Kadinala Paolo Emilio Sfondrati akukonzetsa tchalitchi cha Cecilia Woyera ku Trastevere, adatsegula pansi pa guwa napeza bokosi lathabwa la mtsikanayo, limene Papa Paschal I adaikapo m'zaka za m'ma 800. Anthu adakhamukirako kwa mwezi wathunthu, ndipo pa 22 Novembala Clement VIII adadzaikanso thupilo m'malo mwake. Mmisiri wachinyamata, Stefano Maderno, adasema chiboliboli chimene chili pansi pa guwalo mpaka lero. Mtsikanayo wagona cham'mbali, maondo atapindika pang'ono, manja ali patsogolo, nkhope yatembenukira pansi moti suioneka, pakhosi pali bala la lupanga. Palibe korona, palibe angelo. Pa zonse zimene zidapangidwa m'zaka zimenezi, ichi ndicho chimandifika pamtima, chifukwa chimakumbutsa kuti pansi pa miyala yonse yamtengo wapataliyi pagona mwana wa munthu.

Tsono ntchito yonseyi inali ndi mtengo wake, ndipo sibwino kuubisa. Sixtus adachulukitsa misonkho, nagulitsa maudindo a m'boma lake, naunjika golide ndi siliva m'linga la Castel Sant'Angelo uku anthu wamba akulira ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Atamwalira pa 27 Ogasiti 1590, khamu la anthu lidathamangira ku phiri la Capitol kukafuna kugwetsa chiboliboli chake. Pofuna kulemekeza zakale adagumulanso zakale zambiri. Nyumba ya apapa ya ku Lateran, momwe adakhalamo apapa zaka pafupifupi 1,000, idagwetsedwa. Chinyumba chakale cha Septizonium chidaphwasulidwa kuti miyala yake ikamangire zina. Ndipo mu 1605 Papa Paul V adagamula kuti mbali yotsala ya tchalitchi cha Constantine, imene inali itayamba kugwetsa miyala, igumulidwe. Baronio adatsutsa kwambiri koma sadamveredwe. Mlembi wina wa tchalitchicho, Giacomo Grimaldi, ankayenda patsogolo pa ogumula akujambula maguwa ndi kulemba mayina a manda amene ankatsegulidwa, ndipo zambiri zimene timadziwa za tchalitchi chakalecho tidazipeza kwa iye. Madzi akatayika saoleka. Carlo Maderno adatalikitsa tchalitchi chatsopano kuti chiphimbe nthaka yonse yopatulika ya chakale chija. Pamphumi pake, pamene mlendo amayamba kuyang'ana, mawu amene ali pakatikati ndi dzina la Paul V ndi la banja lake la Borghese, ndi chaka cha 1612. Dzina laulemu la Mtumwi lili chakumbali. Chikhulupiriro chinalipo chenicheni, koma kufuna kutchuka nako kunalowa nawo pakhomo.

Choopsa china chinali m'makatakombu momwe. Matchalitchi a ku Germany, Switzerland ndi Austria amene adataya zotsala zawo m'nkhondo za chipembedzo adayamba kupempha mafupa ku Roma, ndipo okumba ankaona chizindikiro cha kanjedza kapena kabotolo komatidwa pa manda n'kunena kuti pagona wofera chikhulupiriro. Mafupa zikwizikwi adawoloka mapiri a Alps, navekedwa silika ndi miyala yonyezimira, ena napatsidwa mayina atsopano chifukwa eni ake sankadziwika. Ambiri mwa iwo anali Akhristu wamba amene adamwalira ndi matenda kapena ukalamba. Amene adadzudzula mchitidwewu mwamphamvu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, anali mmonke wachikatolika, Jean Mabillon. Lamulo la Trent lidalipo, koma njala ya mafupa idaposa ofufuza.

Tchalitchi cha Petro Woyera chidadalitsidwa pa 18 Novembala 1626 ndi Papa Urban VIII, patatha zaka 120 chiyambire. Mizati inayi ikuluikulu yonyamula denga idakonzedwa ndi Gian Lorenzo Bernini kukhala nkhokwe za zotsala zinayi: nsalu ya Veronica, chidutswa cha mtanda, nsonga ya mkondo umene Sultan Bayezid II adatumiza kwa Papa Innocent VIII mu 1492, ndi mutu wa Andrea Woyera umene udafika ku Roma mu 1462. Mutuwo Papa Paul VI adaubwezera kwa Akhristu a Orthodox a ku Patras, ku Greece, mu 1964. Pansi pa guwa lalikulu adayamba kukumbapo mwaukatswiri m'zaka za m'ma 1940, napezadi manda aja Constantine adakwirira, ndi kachikumbutso kakang'ono ka m'zaka za m'ma 100 kali pansi penipeni pa maguwa osanjikizana aja.

Masitepe a ku Lateran adakutidwa ndi matabwa mu 1723 kuti mwala usathe. Mu 2019, pokonza nyumbayo, adachotsa matabwawo kwa miyezi iwiri. Pansi pake adapezapo timapepala ta mapemphero, zithunzi, makorona ndi tindalama timene anthu ankalowetsa m'ming'alu. Mwala wa mabo uja unali utakumbika maenje akuya pa sitepe iliyonse, pomwe maondo ndi nsonga za mapazi a anthu zinkagunda, ndipo okwera m'miyezi iwiri imeneyo ankaika maondo awo m'maenje omwewo.